Kompyuta Yakale Ikayamba Kucedwa

Kodi muli ndi kompyuta yakale ya Windows 98 imene imacedwa kutsegula mafaelo? Musafulumire kuitaya. Mwina vuto lili mu hard disk.

Mkati mwa hard disk muli mbale yozungulira ndi kamkono kowerenga. Mukafufuta faelo, pambalepo pamatsala mpata. Faelo yatsopano ikakula kuposa mpatawo, kompyuta imaidula: cidutswa cina apa, cina uko. Zili ngati kusunga cimanga pang'ono m'nkhokwe yanu, pang'ono kwa amalume, pang'ono kutsidya kwa mtsinje. Tsiku lopita kucigayo mungayende mpaka miyendo kuwawa! Kamkono kaja nakonso kamayendayenda conco, ndiye kompyuta imacedwa.

Mankhwala ake ndi defrag. Pulogalamu imeneyi imasonkhanitsa zidutswa za faelo pamalo amodzi. Inalipo kale mu MS-DOS 6.0 ya mu 1993. Mu Windows 98 dinani Start, Programs, Accessories, System Tools, kenako Disk Defragmenter.

Koma musanayambe, koperani zithunzi ndi makalata anu pamalo ena. Magetsi akazima nchito ili mkati, faelo ikhoza kuwonongeka. Yambani ndi ScanDisk kuti ione ngati disk ili bwino. Tsekani mapulogalamu onse, ndi screensaver yomwe. Pulogalamu ina ikalemba pa disk, defrag imayambiranso, ndipo zimenezo n'zotopetsa zedi.

Nchitoyi ikhoza kutenga maola angapo. Mukadina Show Details, muona timabokosi tamitundu tikusuntha.

Ngati kompyuta yanu ili ndi SSD, isiyeni. Mmenemo mulibe mbale yozungulira, ndipo defrag imangoikalambitsa.