Za Mwana Wopezereredwa ndi Kumene Chisoni Chake Chimapita

Kumapeto kwa chaka cha 1982 nyuzipepala za ku Norway zinalengeza kuti anyamata atatu a kumpoto kwa dzikolo, a zaka za pakati pa 10 ndi 14, anadzipha, ndipo kunamveka kuti anzawo a pasukulu anali kuwazunza kwa nthawi yaitali. Chaka chotsatira, cha 1983, boma linayambitsa ntchito yolimbana ndi nkhanza m'sukulu zonse, ndipo katswiri wina, Dan Olweus, anayesa njira zake m'sukulu 42 za mumzinda wa Bergen. Patapita zaka ziwiri kupezererana kunachepa pafupifupi ndi theka.

Inu amene muli kuphunzira uphunzitsi, nkhani imeneyi musaiyese yakutali, pakuti mawu akuti "kupezerera" tili nawo m'chinenero chathu, ndipo tikawamva timafulumira kunena kuti, "Asiyeni, ndi masewera a ana." Koma masewera ali pakati pa ofanana mphamvu, kupezerera ndiko kuvutitsa kawirikawiri munthu amene sangathe kubwezera, kaya ndi nkhonya, kaya ndi dzina lonyoza, kaya pomusala.

Tsono mwana wotere, makamaka akafika pa msinkhu wa unyamata kapena utsikana, pamene mawu a anzake alemera koposa a makolo, chisoni chake chimatsata njira ziwiri. Mwina chimalowa m'kati: aleka kuyankhula, ayamba kujomba, adziyesa wopanda pake, kufikira aganiza kuti kufa nkwabwino. Mwinanso chimatulukira kunja, ndipo iye amenya wamng'ono kwa iye. Mu 1989 Cathy Spatz Widom wa ku America anafalitsa zimene anapeza potsata moyo wa ana 908 amene anazunzidwa kapena kutayiridwa ali aang'ono: atakula, iwo anamangidwa pa milandu ya chiwawa kochuluka koposa anzawo amene sanazunzidwe. Komabe unyinji wa iwo sunapalamule mlandu wotere, ndipo mfundo iyi tiisunge, kuti tingaweruze mwana asanalakwe.

Chimene ine ndiona kuti chimatisokoneza aphunzitsi ndi ichi, kuti njira ziwirizo zimakomana mwa mwana mmodzi. Ofufuza ambiri apeza kuti amene azunzidwa nazunzanso ena ndiwo ali pangozi yaikulu ya maganizo odzipha. Ife timaona nkhonya yokha, nitimpatsa chilango, osafunsa amene anayamba kum'menya iyeyo, kapena chimene chili kuchitika kwawo.

Chotero mukaona mwana wasintha makhalidwe, muitaneni padera, osati pamaso pa kalasi. Akatchula za kufa, mufunseni mosabisa ngati aganiza zodzipha. Funso lotere silibzala maganizowo mumtima mwake. Akavomera musam'siye yekha. Dziwitsani mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo, pamodzi ndi kholo kapena mbale amene mwanayo am'khulupirira, pokumbukira kuti nthawi zina womuzunzayo ali m'nyumba momwemo, ndipo apite naye kuchipatala.