Kukagona pa Phiri la Mulanje Kumapeto a Sabata

Madzulo a Lachisanu, maofesi ndi masukulu akatsekedwa, anthu ambiri a m'tauni amaganiza za ukwati, za mpira kapena zokaona makolo kumudzi. Ndi ochepa amene amaganiza zokagona pamwamba pa phiri, pakuti ambiri amati zimenezo n'za azungu ndi anthu a ndalama. Komatu pa phiri la Mulanje pali nyumba za alendo pafupifupi khumi, za Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo mphunzitsi, kalaliki, namwino ngakhale gulu la achinyamata a mpingo angathe kukagonamo atalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi ya kuhotela. Nkhani ya lero ikulongosola m'mene ulendo wotere umayendera, ndi zimene munthu ayenera kudziŵa asananyamuke.

Wochokera ku Blantyre amadzera msewu wa Thyolo kapena wa Midima, ndipo pasanathe maola aŵiri amakhala atafika pa Chitakale, pakati pa minda ya tiyi. Kuchokera pamenepo msewu wa ku Phalombe umamufikitsa ku Likhubula, mtunda wa makilomita pafupifupi khumi, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Phirili lidakhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, choncho mlendo amayamba walembetsa dzina lake, natchula nyumba imene akukagonamo ndi tsiku limene adzatsike. Komweko amapeza womulondolera njira ndi omunyamulira katundu. Wanzeru amagona ku Likhubula usiku wa Lachisanu, kumene kulinso nyumba ya alendo ya mpingo wa CCAP, kuti Loŵeruka ayambe kukwera dzuŵa lisanatenthe.

Nyumba yoyandikira ndi ya ku Chambe, ndipo njira zopitira kumeneko zilipo ziŵiri. Ya Skyline ndi yachidule koma yotsetsereka kwambiri, ndipo munthu wa m'tauni amapuma kangapo asanaone mapeto ake. Ya Chapaluka imatsata mtsinje, imadutsa pafupi ndi mathithi a Dziŵe la Nkhalamba, ndipo ili ndi mithunzi. Zonse zimatenga maola atatu kapena anayi. Mlendo amene amadzitama kuti ngwamphamvu amachita manyazi akaona mnyamata amene wamusenzera chikwama akukwera akucheza, thukuta osatuluka.

Akafika pamwamba, mlendo amadabwa kuona kuti phirilo si nsonga imodzi monga limaonekera kumsewu. Pamwambapo pali zigwa zazikulu za udzu, timitsinje ta madzi ozizira, ndi nsonga zambiri za thanthwe zozungulira zigwazo. Nyumba ya alendo ndi ya matabwa, ili ndi khonde ndiponso malo osonkhapo moto m'kati. Magetsi mulibe, sitolo palibe. Pali mlonda amene amasamala nyumbayo, amatunga madzi, amaŵaza nkhuni ndi kusonkha moto. Zina zonse mlendo amabwera nazo yekha: ufa kapena mpunga, ndiwo, mchere, tiyi ndi shuga, machesi, tochi, poto ndi mabulangete. Bungwe la Mountain Club of Malawi, limene limathandiza kukonza nyumbazi, limasungamo ziŵiya zina, koma zimakhala zokhomedwa, za mamembala ake. Woiŵala mchere amadya ndiwo zosakolera kufikira Lamulungu.

Chimene alendo ambiri sachiyembekezera ndi kuzizira. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo nyumba ya ku Chambe ili pa mamita oposa 1,800 kuchokera pa nyanja yamchere. Amene adanyamuka ku Likhubula atavala malaya okha amafika pamwamba akunjenjemera. M'miyezi ya June ndi July chisanu chimagwa usiku, udzu n'kudzuka utayera. Juzi, chipewa ndi chovala chosaloŵa madzi n'zofunika kuposa wayilesi.

Koma choopsa chenicheni ndi chiperoni. Iyi ndi nkhungu ya mvula yamaŵaŵa imene imabwera ndi mphepo yochokera ku nyanja ya India, makamaka pakati pa May ndi August, ndipo dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imadzera. Mpweya wa chinyezi ukagunda phiri la Mulanje umakwera, umazizira, n'kusanduka nkhungu. Kungathe kucha bwino, thambo lili mbee, koma pasanathe ola limodzi munthu osaonanso mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo pake. Njira imasoŵa, thanthwe limaterera, ndipo kamtsinje kamene m'maŵa kadaolokedwa podumpha miyala kamadzaza. Chiperoni chimatha kukhala masiku aŵiri kapena atatu osachoka.

Pafupi ndi nyumba ya ku Chambe pali kanyumba kena kotchedwa France's Cottage. Dzinalo ndi la Fred France, mkulu wa zankhalango amene adakokoloka ndi madzi cha ku mtsinje wa Ruo m'chaka cha 1949, nyengo itasintha mwadzidzidzi. Iyeyo adali munthu wolidziŵa phirilo. Imfa yake idalembedwa ndi Laurens van der Post, amene adali naye pa ulendowo, m'buku lotchedwa Venture to the Interior. M'chaka cha 2003 mtsikana wa ku Netherlands adakwera yekha kulinga ku Sapitwa ndipo sadapezeke. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womulondolera njira kuti amalize yekha kukwera nsonga yomweyo. Mtembo wake udapezeka patapita masabata oposa aŵiri, atafa ndi kuzizira. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Wolondolera njira akanena kuti lero sikupitika, mlendo amvere, ngakhale atalipira kale.

Sapitwa ndiyo nsonga yaitali kuposa zonse m'Malaŵi, mamita 3,002, ndipo dzina lake likunena lokha. Ofuna kufikako amagona ku nyumba ya Chisepo, imene ili m'munsi mwake, ndipo ulendowo sukwana bwino pa Loŵeruka ndi Lamulungu lokha. Woyamba kumene angokhutira ndi Chambe kapena Lichenya. Anthu ozungulira phirili, Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao, amati kumeneko n'kwa mizimu, ndipo nkhalamba zimasimba kuti woyenda m'phiri angathe kupeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, koma adye yekha osaitana mnzake. Wina akhulupirire, wina asakhulupirire, koma pamene bungwe la UNESCO lidalemba Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu July 2025, chifukwa chachikulu chidali chimenechi, kuti phirili ndi malo opatulika a mitundu imeneyi.

Nyengo ya dzinja, kuyambira December mpaka March, si yabwino kwa mlendo wosazoloŵera. Anthu a ku Phalombe sadzaiŵala napolo wa mu March 1991, amene adagumula phiri napha anthu mazanamazana, ndiponso namondwe wa Freddy mu March 2023. Miyezi ya April ndi May, mvula itangoleka, kapena September, chiperoni chitachepa, ndiyo imene phiri limalandira bwino alendo.

Usiku m'nyumbamo mlendo amamva kafungo kokoma kochokera m'matabwa. Limenelo ndi fungo la mkungudza wa Mulanje, mtengo umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi m'chaka cha 1984. Thabwa lake silidyedwa ndi chiswe ndipo siliola msanga, n'chifukwa chake udadulidwa mopanda chifundo. Ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa adaumaliza, kotero kuti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iŵiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mothandizana ndi midzi yozungulira, labzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo amene akubzala lero sadzachekako thabwa. Mlendo wogula kabokosi ka mkungudza pamsewu adziŵe kumene mtengowo wachokera. Ndudu yotayidwa pa udzu wouma mu September ingathe kupsereza ntchito ya zaka zisanu, ndipo nkhalango ikatha imauma ndi mitsinje ya Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Ruo, imene imamwetsa midzi, minda ya tiyi, ngakhalenso mbali ina ya mzinda wa Blantyre.

Lamulungu m'maŵa mlendo amasesa m'nyumba, amalongedza zitini ndi mapepala ake onse kuti atsike nazo, amasayina m'buku la alendo, namusiyira mlonda kangachepe. Kutsika kumatenga nthaŵi yochepa koma kumapweteka mawondo kuposa kukwera, ndipo ngozi zambiri zoterereka zimachitika pamenepa, munthu atatopa ndiponso akuthamangira basi. Odzera njira ya Chapaluka amaima pa Dziŵe la Nkhalamba kuti asambe, koma madziwo ngozizira ndiponso akuya, ndipo wosadziŵa kusambira akhale m'mphepete. Ku Likhubula mlendo amakauza a ku ofesi kuti watsika, kuti asamufunefune, ndipo amalipira womulondolera njira ndi omunyamulira katundu ndalama yonse imene adapangana Loŵeruka. Wofika pa Chitakale isanakwane 4 koloko amapeza minibasi ya ku Limbe, ndi mpata wogula nanazi wopita naye kwa ana.