Makatuni a pafoni: zithunzi zapakati ajambule ndani?

Pa 28 Okutobala chaka chilichonse, okonda makatuni m'maiko ambiri amakumbukira tsiku limene anthu a mumzinda wa Paris adaonera koyamba zithunzi zojambula pamanja zikuyenda pachinsalu. Mudali mu 1892, patatsala zaka zitatu kuti kanema wojambulidwa ndi kamera ayambe kuonetsedwa m'maholo. Kuno kwathu tsikuli limadutsa ambiri osalidziwa, koma luso lake lidafika kale, ndipo lidalowera m'thumba. Aliyense woyendayenda pa TikTok, Facebook kapena WhatsApp wakumanapo ndi timakatuni tolankhula Chichewa: bambo akubisala pansi pa bedi pothawa wa katapila, kondakitala akukangana ndi wokwera pa nkhani ya chenje, kalulu akupusitsa fisi. Tina mwa timakatunito sitidayandikirepo kompyuta. Tidajambulidwa pagalasi la foni, ndi chala.

Ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre, kuli mtsikana wina amene amaswera mu okala ya mayi ake, kugulitsa sopo, mchere, machesi ndi mafuta ophikira oyezera m'timachubu. Ogula akatalikira, amatsamiritsa foni pa paketi ya shuga n'kuyamba ntchito ina. Foniyo ndi ya Android, yotsika mtengo, ndipo galasi lake lidasweka pakona imodzi. Cholembera adachita kupanga yekha: adatenga chubu cha bolopeni yotha inki, kulowetsamo kamtengo kathonje kotokosera m'khutu, n'kukulunga chubucho ndi pepala la foyilo mpaka kukhudza thonje. Thonjelo akalinyowetsa pang'ono, galasi limamva ngati lakhudzidwa ndi chala. Likauma mzere umaduka, ndiye pambali pa foni pamakhala kachitsekero ka botolo kothiramo madzi.

Zomwe akujambula masabata ano ndi amayi awiri akukonola chimanga mumtondo umodzi. M'tauni anthu amathamangira ku chigayo, choncho atapita kumudzi ku Chiradzulu adatenga vidiyo azakhali ake akukonola, n'kumaionera mobwereza, kuimitsa, kubwezanso m'mbuyo. Pa chithunzi choyamba munsi uli mumtondo, msana wawerama. Akadina kabatani kotsegulira tsamba lina, chithunzi chija sichichoka chonse. Chimatsala chozilala kunsi, kuti aone pamene padali mkono ndi pamene uyenera kufika. Ojambula amati onion skin, ndipo pulogalamu yopanda chimenechi saiwerengera n'komwe.

Munsi ukamakwera, zithunzi zimayamba zotalikirana, kenako zimathinana kumwamba. Pamenepo mtsikanayo amajambula zinayi kapena zisanu munsi usadasunthe kwenikweni, chifukwa mpamene mayi uja amauponya m'mwamba, n'kuwomba m'manja, n'kuuwakhanso. Potsika amajambula ziwiri zokha, ndipo chimodzi sichioneka ngati munsi n'komwe, koma mzere wokhuthala wolunjika mumtondo. Ukagunda, timaso ta chimanga titatu timadumphira kunja. Mayi winayo wabereka mwana, ndipo mutu wa mwanayo umagwedezeka mochedwerako, msana wa mayi ake utaima kale. Zonsezi pagalasi zimatha m'sekondi imodzi ndi theka.

Phokoso la munsi adalipeza pomenya thumba la mpunga ndi botolo lodzaza madzi, foni ili chapafupi, usiku msika utakhala chete. Magetsi akazima amakatchajitsa kwa ometa wina wa sola, ndipo tsiku lotero amajambula ataziralitsa galasi kuti batire lifike madzulo. Mwana wotumidwa machesi akafika amachedwa dala kulandira chenje, maso ali pafoni, mpaka asisi amuonetse. Mtsikanayo amadina, amayi aja n'kuyamba kusinthana minsi, ana n'kumaseka kuti wakumanzereyo wafanana ndi mayi wa mandasi wa pakona. Anawo akachoka, iye amabwerera pa chithunzi chimene chigongono chikuoneka chothyoka, kufufuta, kujambulanso.

Masamu a ntchitoyi ndi ouma. Kanema wamba amayenda zithunzi 24 pa sekondi. Ojambula pamanja ambiri amachepetsa ntchito pojambula 12, chilichonse n'kuonekera kawiri, ndipo makatuni ambiri a pa TV a ku Japan amatsika mpaka 8. Pa 12 pomwepo, katuni ya masekondi 30 imafuna zithunzi 360, ya mphindi imodzi 720. Filimu ina ya ku France ya mu 1908, imene ambiri amati ndi katuni yoyamba yojambula pamanja pafilimu, idadya zithunzi pafupifupi 700 koma siyikwana mphindi ziwiri. Zaka zoposa 100 zadutsa, pepala lasanduka galasi, koma chiwerengero chikadali chomwecho.

Mapulogalamu ake alipo angapo, ndipo amene ayesapo amawasiyanitsa msanga. Ambiri amayambira pa FlipaClip chifukwa imatsitsidwa ulere ndipo mabatani ake savuta. Yaulereyo imapereka ma layer atatu, omwe ndi masamba oonekera osanjikizana, imaonetsa zotsatsa malonda, n'kuika chidindo chake pakona pa katuni yomalizidwa. Ma layer atatu amakwana mtondo, anthu ndi utoto, koma ukafuna kuti nkhuku idutse kumbuyo, wapanikizika. RoughAnimator ndi yogula kamodzi, ilibe zotsatsa, ndipo imalola chithunzi chimodzi kukhalitsa nthawi imene wojambula wafuna. ibisPaint X idayamba ngati yopentera, choncho maburashi ake ndi ankhaninkhani, mbali ya makatuni idachita kubwera pambuyo. Stick Nodes ndi ya mtundu wina: munthu amakhala timitengo tolumikizana m'mfundo, ndipo foni imatha kudzaza yokha mayendedwe apakati. Procreate Dreams, imene idatuluka mu 2023, achinyamata ambiri akuno amangoimvera mbiri chifukwa imafuna iPad. Zogulazo zimafunanso khadi la kubanki lolipirira kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola ochepa adasanduka makwacha ambiri.

Komatu mkangano sudagone pa mtengo. Wagona apa: wojambula akajambula munsi uli pansi ndi munsi uli kumwamba, zithunzi zapakati ajambule ndani, iye kapena foni?

Mnyamata wina wa ku Limbe, amene amapanga timakanema totsatsa malonda a masaluni, ometa ndi ogulitsa nkhuku, sakayika konse. Iye munthu amamujambula kamodzi, kumudula mutu, thunthu, mikono ndi miyendo, n'kumulumikiza m'mfundo. Akaika mkono poyambira ndi pothera, pulogalamu imadzaza zotsalazo. Ntchito ya mphindi imodzi akaiyamba Lachisanu, Lolemba ndalama zalowa pafoni. Kwa iye, kujambula zithunzi 720 ndi chala pagalasi lalikulu ngati chikhatho ndi kudzizunza, ndipo mwini saluni safunsa kuti chithunzi cha 300 adajambula ndani. Akuti mapulogalamu ojambulira pamanja akapanda kuikamo batani lodzazira zapakati, achinyamata awathawa. Amakumbutsanso kuti ngakhale m'makampani akuluakulu a makatuni a ku America m'zaka za m'ma 1930, katswiri ankajambula zithunzi zikuluzikulu zokha, zapakati n'kusiyira othandizira. Ntchito imene idali yopatsira ena kuyambira kale, akutero, palibe cholakwa kuipatsira makina.

Mtsikana wa ku Ndirande njirayo adayesapo pa amayi okonola omwewo. Munsi udakwera ndi kutsika pa liwiro limodzi, udapepuka ngati phesi, ndipo ana a machesi aja sadaseke. Atamva zimenezi, mnyamata wa ku Limbe adati wolakwa ndi wojambula, pakuti mapulogalamu otere amalola kusankha kuti chinthu chiyambe pang'onopang'ono n'kuthera pa liwiro. Apa akunena zoona. Munsi ndi mtengo wowongoka, ndipo makina angathe kuuyendetsa bwino munthu akawalangiza.

Koma mtsikanayo akuloza kwina: msana umene umapindika n'kuwongoka, masaya amene amatukuka mayi akamapuma mwamphamvu, nkhope imene ikutembenukira kwa mnzake. Makina amasuntha chimene chajambulidwa kale. Mayi akatembenuka, khutu lina limabisika, diso lina limatulukira, ndipo zimenezo wina ayenera kuzijambula. Pali mapulogalamu atsopano amene amayesa kulosera zithunzi zapakati pogwiritsa ntchito AI, koma kawirikawiri amafuna intaneti kapena makina amphamvu, ndipo amakonda kusokonezeka manja akadutsana, monga zimakhalira amayi awiri akamasinthana minsi pa mtondo umodzi. Kukonza zala zimene makina asungunula, akutero, kumadya nthawi kuposa kuzijambula wekha.

Mphunzitsi wina wa zaluso, amene amathandiza ana a sekondale kujambula Loweruka, mbiri ya makampani a ku America ija amaiona mwina. Iye akuti othandizira aja ankaphunzirira pomwepo: chaka ndi chaka akujambula zapakati, dzanja linkazolowera kulemera kwa chinthu, ndipo akatswiri ambiri adachokera pa benchi imeneyo. Mwana wopatsidwa batani tsiku loyamba adzatulutsa katuni msanga, koma sadzadziwa chifukwa chake munthu wake akutsetsereka m'malo moyenda. Komabe mphunzitsiyo akuvomereza kuti ana ambiri amagwa ulesi ntchito isadafike pakati, ndipo katuni yomalizidwa mothandizidwa ndi makina imalimbikitsa mwana kuposa yosiyidwa panjira. Iye akadakonda batanilo likhalepo, koma lizipereka chithunzi chozilala chabe, choti wojambula aponde mzere wake pamwamba, achikonze kapena achitaye. Mnyamata wa ku Limbe akuti kumeneko n'kugwira ntchito imodzi kawiri. Mtsikana wa ku Ndirande akuti dzanja likazolowera kuponda pa mzere wa makina, limaiwala kuyamba lokha.

Munthu ukaswera pa okala paja umaona chinthu china chimene mkanganowu waphimba. Nthawi yambiri ya mtsikanayo sithera pa zithunzi zapakati, zimene iye amakondwera nazo. Imathera pa kuthira utoto malaya omwewo pa chithunzi chilichonse, utotowo n'kumatayikira kunja mzere ukasiya kampata. Imathera pa kukulitsa ndi kuchepetsa chithunzi ndi zala ziwiri chifukwa mabatani adya gawo lalikulu la galasi, pa kufufuta timizere tobwera chikhatho chikakhudza galasi, ndi pa kudikira uthenga wotsatsa malonda umene ukudyanso bandulo. Zithunzi zikachuluka, foni ya RAM yochepa imayamba kutentha ndi kuzengereza, ndipo tsiku lina pulogalamu idadzitseka yokha, ntchito ya m'mawa wonse n'kupita. Pa zimenezi atatu onse agwirizana chimodzi: pulogalamu yabwino izisunga ntchito yokha pafupipafupi, izigwira popanda intaneti, izithira utoto pa zithunzi zingapo nthawi imodzi, ndipo izitulutsa fayilo yaing'ono yotumizika pa WhatsApp osasanduka chifunga. Akufunanso kuti mawu azioneka bwino pansi pa zithunzi, kuti milomo izitseka pa m, b ndi p n'kutseguka pa a, e, i, o, u pa nthawi yake.

Batani lodzazira zapakati libwere kapena lisabwere, kuchuluka kwa ntchito kukuonekera kale m'zovala. Mukaonetsetsa timakatuni takunoti mupeza kuti amayi ambiri amavala zitenje zopanda maluwa, zofiira zokhazokha kapena zobiriwira, mtundu wa chitenje umene ungazungulire msika wonse wa Limbe n'kuvutika kuupeza. Duwa limodzi pachitenje limafuna kujambulidwa maulendo 360 pa katuni ya theka la mphindi, n'kumapindika limodzi ndi chiuno. Abambo nawo ambiri ndi ometa mpala, agalu alibe mawanga, ndipo njinga za kabaza zimayenda zopanda masipoko.