Kodi Mankhwala Otsuka M'thupi Ali ndi Phindu?

Mudzi wa Kawaza uli m'dziko la Mfumu Nsefu, m'boma la Mambwe, kufupi ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa. M'caka ca 1997 eni mudziwu anayamba kulandira alendo ocokera kutali, obwera kudzaona makhalidwe a Akunda. Koma si alendo okha amene amafika m'cigwa ca Luangwa. Pa mseu wocokera ku Chipata pamadzeranso mabotolo ndi timapaketi ta tiyi tolembedwa liu la cingerezi lakuti "detox", ndiye kuti kucotsa poizoni m'thupi. Liu lomweli likumvekanso pa lamya za m'manja, pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Ogulitsa amati magazi athu ada, matumbo athu amata zonyansa, ndipo kutopa, litsipa ndi kunenepa zimacokera pamenepo. Ena amalangiza kuti munthu aleke nsima kwa sabata lathunthu, azingomwa madzi a mandimu kapena a zipatso. Mlimi wa ku Kawaza amene wangolandira ndalama za thonje lake ayenera kudziwa ngati cinthu cimene akuuzidwa kugula ciri ndi phindu, pakuti ndalamazo zimabwera kamodzi pa caka, ndipo thupi limene afuna kutsukalo ndi lomwe lidzagwire khasu mvula ikagwa.

Nzeru yakale m'botolo latsopano

Ganizo lakuti matenda amabadwira m'zonyansa za m'mimba ndi lakale ndithu. Makolo athu anali ndi mizu yosanzitsa ndulu ndi yotsegula m'mimba. Aigupto akale analinso ndi cikhulupiriro cotere. Ngakhale madotolo a ku Ulaya anacigwiritsa kwa nthawi yaitali. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 dotolo wochuka wa ku London, Sir William Arbuthnot Lane, anafika pa kucotsa thumbo lalikulu la odwala ake, poganiza kuti ndimo mocokera ciphe coononga thupi. Odwala ena anafa ndi opaleshoniyo. M'caka ca 1919 dotolo wa ku America, Walter Alvarez, anaonetsa kuti litsipa ndi kulefuka kwa munthu wodzimbidwa zimadza cifukwa ca kufufuma kwa thumbo, osati cifukwa ca ciphe colowa m'magazi. Pang'ono ndi pang'ono madotolo anataya ciphunzitsoco, koma amalonda anacitola, nacibveka dzina latsopano.

Thupi liri ndi otsuka ake

Munthu ali yense anabadwa ndi ziwalo zimene zimagwira nchito yotsuka usana ndi usiku. Coyamba ndi ciwindi, cimene mwa munthu wamkulu cimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Magazi ocokera m'matumbo amayamba apita ku ciwindi asanazungulire thupi lonse. Kumeneko mowa, mankhwala ndi zina zoopsya zimasandutsidwa kuti zithe kuturuka, zina pamodzi ndi ndulu kupita m'cimbudzi, zina kubwerera m'magazi kuti impso zizicotse.

Impso ziwirizo zimasefa madzi a m'magazi okwanira malita 180 pa tsiku. Pafupifupi onsewo zimawabwezera m'thupi, ndipo zimataya lita imodzi ndi theka cabe monga mkodzo, momwe muli zosafunika. Mapapu amaturutsa mpweya woipa, ndipo matumbo amakankha zotsala za cakudya. Khungu la m'kati mwa matumbo limasinthika lokha pa masiku owerengeka, motero nkhani yakuti zonyansa zimakanirira m'menemo kwa zaka zambiri iribe maziko.

Ciwindi si nsaru yosefera thobwa imene imafuna kucapidwa ikada. Cikakhala camoyo cimagwira nchito yake popanda tiyi wapadera. Cikadwala, munthu amaoneka maso acikasu, mimba ndi miyendo zimatupa, ndipo wotere afunika cipatala mwamsanga.

Zimene ofufuza anapeza

M'caka ca 1976 munthu wina wa ku America, Stanley Burroughs, amene sanali dotolo, anafalitsa buku lolangiza anthu kumwa madzi a mandimu, tsabola ndi manyuci a mtengo kwa masiku khumi osadya kanthu. Njira zambiri za masiku ano ndi zidzukulu za njira imeneyo.

M'caka ca 2009 gulu la asayansi acinyamata a bungwe la Sense About Science ku Britain linafunsa makampani opanga zinthu 15 zochedwa za detox kuti apereke umboni. Panalibe makampani awiri amene anagwirizana pa tanthauzo la liulo, ndipo umboni wogwira mtima sunaoneke. M'caka ca 2015 ofufuza awiri a ku Australia, Klein ndi Kiat, anasanthula zolembedwa zonse za kadyedwe kameneka. Anapeza kuti zofufuza zinali zocepa, zocitidwa pa anthu owerengeka ndiponso zolakwika m'kacitidwe kake, ndi kuti panalibe kuyesa kokhwima kuli konse kumene kunacitika pa njira za detox zogulitsidwa.

Nanga bwanji ena amacitira umboni kuti anapepukidwa ndipo sikelo inatsika? Yankho lake nlosabvuta. Thupi limasunga shuga m'ciwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iri yonse ya shugayo imasungidwa pamodzi ndi magalamu atatu a madzi. Munthu akaleka kudya, shugayo amatha, madzi aja naturuka. Onjezanipo zimene zaturuka ndi kutsegula m'mimba, ndipo sikelo itsika m'masiku atatu. Akabwerera ku nsima, kulemera konse kumabwerera. Ndiponso munthu amene waleka mowa, fodya ndi zokazinga kwa sabata limodzi adzamva bwino, koma cimene camuthandiza ndi zimene wazileka. Botolo lija langolandira ulemu wa nchito imene silinagwire.

Pamene kutsuka kusanduka ngozi

Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Tiyi wambiri wotsuka m'mimba amakhala ndi masamba a senna kapena madzi owawa a aloe, zimene zimakakamiza matumbo kuturutsa madzi. Pamodzi ndi madziwo pamaturuka mcere wa potaziyamu, umene mtima umaufuna kuti ugunde bwino. M'mwezi wa October kutentha kwa m'cigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo thupi limakhala litataya kale madzi ambiri m'thukuta. Kudzitsegula m'mimba dala pa nyengo yotere kungathe kufoola impso. Makina otsuka magazi a munthu wa impso zakufa amapezeka m'zipatala zazikulu zocepa cabe, ndipo Chipata yeniyeniyo iri pa mtunda woposa makilomita 100 kucokera ku Mfuwe.

Kuti cinthu ncocokera ku mtengo sikutanthauza kuti sicipha. Pakati pa 1990 ndi 1992, akazi a mu mzinda wa Brussels ku Belgium anamwa mapiritsi a zitsamba ocepetsa thupi, momwe munalowa comera cochedwa Aristolochia. Oposa 100 anaonongeka impso, ambiri anafunika makina kapena impso ya munthu wina, ndipo ena anadwala khansa ya njira ya mkodzo. Ku South Africa, madotolo a cipatala ca King Edward VIII ku Durban anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti muzu wochedwa impila, umene anthu amamwa kapena kulowetsa kudzera kumbuyo pofuna kudzitsuka, unali kupha anthu poononga ciwindi ndi impso.

Ali pangozi yaikulu koposa ndi ana ang'ono, amai apakati, okalamba, odwala shuga, ndi onse amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a cifuwa ca TB, a kuthamanga kwa magazi ndi a kulera. Kusanza ndi kutsegula m'mimba kumaturutsa piritsi lisanalowe m'magazi. Makala apadera amene ena amagulitsa monga detox amakoka mankhwala ndi kuwalepheretsa kugwira nchito. Wodwala shuga amene wamwa mankhwala ake koma osadya angathe kukomoka. Mwana wa khanda sayenera konse kupatsidwa mankhwala otsuka m'mimba, pakuti thupi lake limauma m'maola ocepa. Kusala cakudya cifukwa ca mapemphero ndi nkhani ina, koma ngakhale pamenepo wodwala ayambe wafunsa ku cipatala.

Ziphe zenizeni za kwathu

Sitikunena kuti poizoni kulibe. Alipo, ndipo ali ndi maina. Woyamba ndi wa cuku ca cimanga ndi nshawa, wochedwa aflatoxin. Anadziwika mu 1960 pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya ca nshawa za cuku. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya ndi cimanga cotere, ndipo mu August 2024 nduna ya zaumoyo kuno ku Zambia inalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa cifukwa ca cimanga cokhala ndi poizoniyu. Kuphika sikumupha, ndipo palibe tiyi amene angamucotse. Akamadyedwa pang'ono pang'ono kwa zaka amayambitsa khansa ya ciwindi, makamaka mwa munthu amene ali ndi kacirombo ka hepatitis B. Kuchinjiriza kwake kuli pa bwalo ndi m'nkhokwe: kuumitsa bwino zokolola, osaziyanika pa dothi, kusankha ndi kutaya zobvunda, ndiponso kusawaza madzi pa nshawa pofuna kufewetsa makoko.

Waciwiri ndi mowa. Kacasu womwedwa tsiku ndi tsiku amaumitsa ciwindi, ndipo mankhwala ake ndi kuleka basi. Boma linaletsa tujilijili mu 2012 litaona m'mene tinali kuonongera acinyamata. Wacitatu ndi mankhwala opopera thonje. Popopera bvalani zochinga thupi, sambani ndi sopo mukatha, ndipo botolo lake lisasanduke la madzi akumwa kapena la mcere. Wina akamwa mankhwalawa, musamsanzitse kapena kutaya nthawi ndi mkaka. Thamangirani naye ku cipatala, mutatenga botololo kuti adotolo adziwe cimene wamwa.

Citsanzo ca Kabwe cimatiphunzitsa m'mene kucotsa poizoni kwenikweni kumakhalira. Mgodi wa mtobvu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma pfumbi lake linatsala m'makomboni. Mwana akaganiziridwa kuti ali ndi mtobvu, amayamba wapimidwa magazi. Ukapezeka wocuruka kwambiri, amapatsidwa mankhwala ogwira mtobvuwo, kenaka amapimidwanso kuti aone ngati watsika. Ciphe cimachulidwa dzina, cimayezedwa poyamba ndi pomariza. Wogulitsa botolo pa msika sacita ciri conse mwa izi.

Cimene tingacite

Njoka za m'mimba ndi likodzo ndizo zonyansa zimene zimafunadi kucotsedwa, ndipo mankhwala ake alipo: mebendazole kapena albendazole wa njoka, ndi praziquantel wa likodzo. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa makanda m'dziko muno mu 2005, motero mai amene amariza sikelo ya mwana wake wachinjiriza ciwindi ca mwanayo koposa tiyi ali yense. Mapiritsi a paracetamol asamwedwe kupitirira muyeso, cifukwa nawonso amaononga ciwindi.

Wodzimbidwa adye nsima ya mgaiwa kapena ya mapira, kayera, cibwabwa, kalembula, therere ndi zipatso monga mango, masau ndi bwemba, amwenso madzi okwanira, owiritsa kapena othira klorini. Malambe, amene maiko a European Union anabvomereza mu 2008 kuti azigulitsidwa kwao monga cakudya, ali ndi vitamini C wambiri. Ndi cakudya cabwino, ngakhale kuti satsuka magazi, ndipo m'cigwa muno mitengo yake iri ponseponse. Amene watsegula m'mimba amwe madzi a ORS. Ngati paketi palibe, sungunulani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi ya madzi abwino.

Sitikunyoza asing'anga athu, pakuti mankhwala ambiri a m'cipatala, monga kwinini, anacokera ku mitengo. Bvuto liri pa muyeso wosadziwika ndi pa malonjezo opanda umboni. Lamulo la mankhwala la 2013 linakhazikitsa bungwe la ZAMRA kuti liziyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno. Tsono inu awerengi, wina akakuonetsani botolo lotsuka thupi, mufunseni mafunso atatu: Kodi poizoni amene licotsa dzina lake ndani? Kodi mwamuyeza bwanji m'thupi langa? Kodi mankhwalawa analembetsedwa ku ZAMRA? Safunsa anadya phula.

Kutopa kosatha, kuonda, litsipa la masiku onse ndi kutupa kwa mimba zingakhale zizindikiro za malungo, kucepa kwa magazi, shuga, TB kapena nthenda ya ciwindi. Munthu wa ku Kawaza amene amva zotere apite ku kiliniki ya kufupi, ndipo ngati pafunika adzatumizidwa ku Kamoto kapena ku Chipata. Sabata limene lathera pa kumwa madzi a mandimu ndi sabata limene nthendayo yakula osaidziwa, ndipo ndalama ya botolo ikanagula sopo, klorini ndi ndiwo za banja lonse.