Makina okalamba amene akuyendetsa njinga za kabaza pa Lufita

Njinga yamoto ya kabaza ikawonongeka, wovutika si woyendetsa yekha. Kunyumba ndiwo zimasowa, fizi ya mwana imachedwa, ndipo ngati njingayo ndi ya bwana, ndalama ya tsiku imawerengedwabe ngakhale njinga yagona pansi pa mtengo. Pa Lufita, kufupi ndi Chitipa Boma, nkhani imeneyi sachita kufotokozera munthu. Msewu wa tala wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, unapeputsa ulendo wopita kunyanja, koma wopita ku Nthalire, ku Kameme kapena kumapiri a Misuku amakumanabe ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Misewu yotereyi imadya mabushi, ma bearing, tcheni ndi mazinga a mabawuti ngati chiswe.

Kale chinthu chikatha, munthu ankangogula china. Masipeya ambiri amalowa kudzera ku Tunduma ndi ku Nakonde, ndipo wamalonda amayenera kupeza kaye ndalama ya Tanzania kapena ya Zambia. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo inakwera moti kachitsulo kokwana m'dzanja kanayamba kudya phindu la masiku angapo. Apa m'pamene makina akale, amene ena ankawayesa zitsulo zokagulitsa pa sikelo, anayambanso kuoneka amtengo wapatali.

Amalume anga ali ndi makina otere kuseri kwa nyumba, pansi pa kashedi ka malata. Ndi lathe, makina amene amazunguza chitsulo kwinaku mpeni ukuchisema mpaka chifike pa muyeso wofunika. Awowo ndi Myford ML7, mtundu umene kampani ya ku Nottingham ku England inayamba kupanga mu 1946. Ndi ang'ono, okwana patebulo, ndipo anapangidwira anthu ogwira ntchito pakhomo. Utoto unasupuka kalekale. Ine nditawaona koyamba ndinkangoti mwina ndi chigayo chakufa.

Munthu akapeza makina otere, mtima umathamangira kugula mota yatsopano ndi utoto. Koma choyamba kukonza ndi pamene makinawo akhala. Lathe ikaikidwa pa tebulo lopendekeka, msana wake umapotoka pang'ono, pang'ono kwambiri moti ndi maso simungaone, koma chitsulo chimene mwasema chimatuluka chonenepa mbali imodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: mumasema kamtengo kachitsulo kotalika ngati chikhatho, kenako mumayeza kumutu ndi kumapeto. Miyeso ikasiyana, mumalowetsa tizidutswa topyapyala pansi pa mwendo umodzi wa makina, n'kusemanso, n'kuyezanso. Amalume amadula chitini cha zakumwa, chifukwa kupyapyala kwake kumayandikira 0.1 mm. Ntchitoyi inawatengera masana athunthu, osalipira kanthu, koma ndi imene inasintha zonse.

Mwina muziti, kodi kasiyanidwe kakang'ono chonchi kali ndi vuto lanji? Abale, bearing imakhala bwino kapena kugwedera chifukwa cha magawo awiri kapena atatu mwa magawo 100 a milimita, pamene tsitsi limodzi limanenepa kuposa apo. Bushi ya swing arm ikalowa mopepera, gudumu lakumbuyo limavina pakona, ndipo woyendetsa atanyamula mayi ndi thumba la chimanga pa chitsikiro cha ku Misuku amalimva ndithu. N'chifukwa chake ine ndimati ndalama yoyamba ipite ku zoyezera. Vernier ya manambala imawerenga mpaka 0.01 mm, ndipo pa ntchito ya ma bearing micrometer ndiyo yodalirika kwambiri. Mmisiri woyeza ndi chala basi, ngakhale atakhala ndi makina atsopano a m'bokosi, akungolota.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya mazinga. Makina akale a ku England amawerenga ndi mainchesi, ndipo chitsulo chachitali chimene chimayendetsa mpeni pa ML7 chili ndi mazinga 8 pa inchi iliyonse. Koma njinga zimene zili pamsewu, kaya ndi Boxer ya ku India, kaya ndi Lifo, Sanlg kapena King Lion, mabawuti ake ndi a mamilimita. Mukasema bawuti osasintha kanthu, nati imalowa kawiri katatu kenako n'kukana, ndipo wokakamiza ndi sipanala amapha mazinga onse. Mankhwala ake ndi masamu a ku pulayimale. Inchi imodzi ndi 25.4 mm, ndipo 25.4 kuchulukitsa ndi 5 ndi 127. Choncho giya ya mano 127 ikalowa pa mndandanda wa magiya akumbuyo, makina a mainchesi amayamba kusema mazinga a mamilimita ndendende. Pa makina ang'ono giya imeneyi imakula kwambiri, ndiye ambiri amagwiritsa ya mano 63, imene imaphonya pang'ono kwambiri moti pa bawuti yaifupi palibe angazindikire. Ndinaphunzira masamu zaka zonsezi, koma tsiku limene ndinaona nati ikuyenda myaa pa bawuti yosemedwa kuseri kwa nyumba ndi limene nambala 127 inakhala ndi tanthauzo kwa ine.

Pali kamsampha kamodzi. Posema mazinga a mamilimita pa makina a mainchesi, simungamasule mpeni n'kuubweza ndi dzanja, chifukwa ukabwerera sugweranso mu mzere womwewo. Pamafunika kuimitsa makina n'kuwayendetsa chobwerera. Ndiye switch yobweza mota si yodzionetsera ayi, ndi yofunika. Kungoti pa Myford chogwirira chitsulo chimamangidwa ndi mazinga, kotero pobweza pamafunika liwiro lochepa kuti chisamasuke.

Za magetsi n'zachidule. M'nyumba zathu ESCOM imatipatsa 230 volts ya single phase, pamene makina akuluakulu ochokera m'mafakitale, monga a Colchester, kawirikawiri amafuna three phase. Pali kabokosi kotchedwa VFD kamene kamasintha magetsi a m'nyumba kukhala three phase, komanso kamalola kuchepetsa kapena kuwonjezera liwiro ndi kabatani. Koma mota iyenera kukhala yololeza kulumikizidwa pa 230 volts, ndipo wolumikiza akhale wodziwa zamagetsi, waya wa earth osaiwalika. Kuzima kwa magetsi kokha ndiye kulibe kabokosi. Amene anadutsa mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira, amadziwa kuti ntchito ya makina imagwiridwa magetsi akabwera, kaya ndi usiku.

Mwayi wina ndi woti injini zambiri za ku China zimene zili pa njinga za kabaza zinatengera pulani ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975 ndipo anaipanga dala kuti izipirira kumene oyilo sasinthidwa pa nthawi yake. Mmisiri akaidziwa imodzi, wadziwa zambiri. N'chifukwa chake kupanga njinga imodzi kuchokera ku ziwiri zakufa n'kotheka pakhomo: felemu ya iyi, injini ya iyo, ndipo pamene zakana kugwirizana, lathe imasema kachitsulo kodzaza mpata. Ena amawotcherera keriyala yolimba kapena kangolo kokoka kumbuyo. Koma musaiwale mapepala. Nambala ya injini ndi ya felemu ndi zimene zimalembedwa ku Road Traffic, ndipo injini yogulidwa motchipa popanda kalata ingathe kukhala ya njinga yobedwa. Wapolisi akaima pamsewu safunsa kuti munasema bwino bwanji.

Tsono pali zinthu zimene ine sindingalole kuti zipangidwe kuseri kwa nyumba, ngakhale amalume atandikwiyira. Mabushi, mawashala, tizitsulo totalikitsa mpata, kukonza mazinga akufa, zonsezi inde. Koma ekiselo ya gudumu yosemedwa kuchokera ku chitsulo chomangira nyumba ndi imfa yoyenda, chifukwa chitsulocho n'chofewa ndipo sichinapangidwire ntchito imeneyo. Mafoloko opindika owongoledwa ndi moto amaoneka bwino koma mphamvu yake yapita. Limu la aluminiyamu losweka silowotcherera n'kubwezera pamsewu, ndipo za mabuleki gulani zenizeni basi. Kuboola silinda kuti ilandire pisitoni yokulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm kumafuna makina akeake, ndipo n'kwabwino kutumiza kumashopu akuluakulu m'tauni kusiyana ndi kuyesa mwayi. Wokwera kabaza sanavomere kukhala choyeserapo.

Popeza makinawa ali pakhomo, ana nawonso ali pomwepo. Lathe siidziwa kusiyanitsa chitsulo ndi chitenje, mkono wa juzi kapena magolovesi, ikagwira imakoka. Kiyi womangira chitsulo akaiwalika pamalo pake makina n'kuyatsidwa, amauluka ngati mwala wa legeni. Pa galayinda, chotchinga chimene anyamata amakonda kuchotsa kuti aziona bwino ndi chomwecho chimateteza nkhope disiki ikasweka. Azakhali anga, akazi a amalume, analola kuti ndalama ya chimanga ipite ku makinawo pokhapokha kashediko kakhale ndi chitseko ndi loko, ndipo kiyi amasunga ndi iwo.

Ndalama imene imalowa si yoti munthu n'kumangira nyumba ya malata chaka chimodzi. Ndi ya apa ndi apo: bushi lero, bawuti mawa, nthawi zina shafiti ya chigayo kapena ya mpope wothirira kudimba, imene imalipira bwino kuposa za njinga. Chimene chasintha n'choti mnyamata amene njinga yake yafa m'mawa angathe kubwerera pa siteji masana, m'malo modikira wamalonda amene wapita ku Tunduma. Panopa amalume akusunga ndalama ya micrometer yachiwiri, ya 25 mpaka 50 mm, chifukwa imene ali nayo imathera pa 25 ndipo malo ambiri okhala ma bearing a magudumu amaposa pamenepo.