"Magalasi" a m'botolo la vinyo: si poizoni, ndi sayansi

Sabata yatha mtsikana wina wa Folomu 3 anandifunsa funso labwino zedi. Akuti amalume ake anabwera ndi botolo la vinyo kuchokera ku Joni n'kuliika mu filiji. Patapita masiku, pansi pa botolo panaoneka tinthu tonyezimira ngati magalasi osweka. Kunyumba anachita mantha n'kutaya vinyo yense. "Aphunzitsi, kodi anali poizoni?"

Ayi ndithu. Amalumewo anangotaya ndalama.

Mu mphesa muli tartaric acid, asidi yemweyo amene amawawasitsa bwemba wathu wa kuno ku Chikwawa ndi Nsanje. Akakumana ndi potaziyamu amapanga mchere wotchedwa potassium bitartrate. Mwakumbukira phunziro la solubility lija? Mcherewu umasungunuka wambiri pofunda, wochepa pozizira. Ndiye vinyo akazizira, mchere wotsala umagwirana n'kupanga ma crystal. Alibe vuto m'thupi, moti akawayeretsa amakhala cream of tartar wa ophika makeke.

Koma ogula amawaopa, choncho opanga vinyo ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuziziritsa vinyo m'thanki mpaka pafupifupi -4°C kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, ma crystal apangikiretu, kenako n'kusefa. Vuto lake, imadya magetsi. Yachiwiri ndi kuthiramo pang'ono metatartaric acid, amene nambala yake ndi E353, kapena CMC, E466.

Zimagwira bwanji? Crystal imakula ngati khoma, njerwa pamwamba pa njerwa mwadongosolo. Zothirazi zimamatirira pa ka crystal kakadali kakang'ono, njerwa zatsopano n'kusowa pokhala. Komatu metatartaric acid amaphwanyika msanga pakatentha. Kutentha kwathu kwa mu Okutobala kuno sangalimbe nako nthawi yaitali, pomwe CMC amapirira.

Ku fakitale ya Illovo ku Nchalo amafuna zosiyana ndi zimenezi. Amawiritsa madzi a nzimbe mpaka alemere kwambiri, kenako amathiramo tishuga tosalala ngati mbewu kuti ma crystal akule. Shuga wa mu tiyi wanu ndi ameneyo.

Vinyo si wa ana asukulu, koma yesani izi: sungunulani makapu 2 a shuga mu kapu 1 ya madzi owira, thirani m'botolo, lendeweretsanimo ulusi, ndipo vindikirani nyerere zisalowe. Pakatha sabata mudzandiuze zomwe mwaona.