Nsagwada Youmbidwa ndi Ufa wa Chitsulo

Chotupa cha m'nsagwada chotchedwa ameloblastoma sichipweteka poyamba, n'chifukwa chake munthu akhoza kufika ku Chipata Central Hospital tsaya litatupa kale. Matenda otere nthawi zambiri amatumizidwa ku University Teaching Hospital ku Lusaka. Dokotala akadula fupa lodwalalo pamatsala mpata, ndipo mwini wake sangatafune bwino. Njira yodziwika, imene David Hidalgo anafotokoza mu 1989, ndi kutenga fupa laling'ono la m'munsi mwa bondo n'kulimanga pansagwada ndi kachitsulo ka titanium.

Tsopano kuli makina otchedwa 3D printer oumba chitsulocho molingana ndi nkhope ya wodwala. Mwaonapo mayi woumba mbiya: amasanjika dongo mzere pamwamba pa mzere mpaka mbiya itaima. Makinawa amachitanso chimodzimodzi. Amayala ufa wa chitsulo wopyapyala kuposa tsitsi, kuwala kwa laser n'kusungunula pokhapo pamene chithunzi cha CT scan chalozera, kenako amayala ufa wina. Mu 2011 mayi wa zaka 83 ku Netherlands anaikidwa nsagwada yonse ya m'munsi ya titanium yopangidwa motero ndi kampani ya LayerWise ya ku Belgium.

Vuto la titanium n'lakuti ndi youma kangapo kuposa fupa. Munthu akamatafuna, katundu yense amasenzedwa ndi chitsulo, ndipo fupa losagwira ntchito limayamba kuwonda mpaka zomangira zimagwedera. Ine ndimaona kuti nkhani yagona pamenepa, osati pa kukongola kwa makina.

N'chifukwa chake ofufuza akuyesa nitinol, chitsulo chosakaniza nickel ndi titanium pafupifupi theka ndi theka, chimene William Buehler ndi anzake anatulukira ku Naval Ordnance Laboratory ku America cha m'ma 1960. Monga mbiya imalandira maonekedwe ake okhalitsa pamoto, nitinol imawalandira ikatenthetsedwa pa madigiri pafupifupi 500. Kusiyana kwake n'kwakuti mbiya mukaipinda imasweka, pamene nitinol mukaipinda ili yozizira, ikafunda imabwerera mmene inalili. Akaisakaniza bwino, kutentha kwa thupi la munthu kumakwanira, ndipo kachitsuloko kamakoka mafupa awiri kuti agwirane. Ndi yofewerapo kuposa titanium, ndipo akaiumba ndi timabowo imayandikira kufewa kwa fupa. Mawaya ambiri owongolera mano ndi a chitsulo chomwechi.

Komatu kuiumba ndi laser n'kovuta. Moto ukachuluka nickel ina imauluka ngati nthunzi, ndipo kuchepa pang'ono chabe kumasintha kutentha kumene chitsulo chimabwererapo. Anthu enanso thupi lawo limadana ndi nickel. Motero nsagwada za nitinol zoumbidwa ndi makina zikadali m'manja mwa ofufuza, ndipo madokotala akugwiritsabe ntchito titanium.